Kapezedwe ka maola a CPD kudzera m'makosi a pa intaneti kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ntchito yojambula mapulani a nyumba anafika ku ofesi kwanga ku Ginnery Corner tsiku lina masana atanyamula envelopu ya khaki yotupa ndi mapepala. Anawakhuthulira pa tebulo, pamwamba pa pulani ya nyumba ya ku Namiwawa imene ndinkakonza, ndipo onse anali masatifiketi a makosi a pa intaneti amene anachita kwa miyezi ingapo, akumakhala pa laputopu mpaka pakati pa usiku ana atagona. Bungwe limene amalembetsako dzina lake linali litamubwezera ambiri mwa masatifiketiwo. Ena sanalembedwe maola, ena anachokera kwa ophunzitsa amene bungwelo silikuwadziwa, ndipo awiri anali ndi dzina lachidule la pa imelo yake m'malo mwa dzina la m'kaundula. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa munthuyo kuphunzira anaphunziradi, ndipo tulo ndi ndalama za bandulo anatayadi.

Mawu akuti CPD amatanthauza maphunziro amene katswiri amapitiriza kuchita atalandira kale digiri ndi kulowa m'kaundula wa ntchito yake, ndipo ku America zomwezi amazitchula kuti continuing education. Mabungwe a ntchito amawafuna chifukwa zipangizo zomangira, malamulo ndi mapulogalamu a pa kompyuta zimasintha munthu ali kale pa ntchito, ndipo aliyense amene anamaliza maphunziro ku Polytechnic isanasanduke MUBAS mu 2021 akudziwa yekha kuti zambiri zimene akujambula lero sanazione m'kalasi. Kwa ife a mu Blantyre intaneti yafupikitsa mtunda, pakuti semina imene kale inkafuna tikiti ya ndege yopita ku Johannesburg tsopano timaitsatira tili ku Chichiri kapena ku Limbe. Komabe nthawi imene mwakhala pa kompyuta imasanduka maola ovomerezeka pokhapokha mutatsata ndondomeko, ndipo ndondomekoyo imayamba kosi isanasankhidwe.

Choyamba, funsani bungwe limene limasunga dzina lanu

Musanalembetse kosi ina iliyonse, lembani pa pepala mabungwe onse amene anakupatsani chilolezo chogwirira ntchito kapena amene mumalipirako umembala. Ambiri a ife muno m'Malawi tili pansi pa Board of Architects and Quantity Surveyors, imene imalembetsa akatswiri mwalamulo, komanso ndife mamembala a Malawi Institute of Architects. Alipo ena amene anaphunzira kapena kugwirako ntchito kunja, ndipo mayina awo ali ku SACAP ya ku South Africa, ku RIBA ya ku Britain kapena ku AIA ya ku America. Bungwe lililonse lili ndi kawerengedwe kake, ndipo kusiyana kwake si kwapang'ono.

RIBA imafuna kuti membala wovomerezeka aphunzire maola 35 pa chaka. Theka la maolawo liyenera kukhala la maphunziro olongosoledwa, ndiye kuti kosi kapena semina yokhala ndi wophunzitsa ndi zolinga zolembedwa, ndipo maola 20 ayenera kugwera pa mitu khumi imene bungwelo linakhazikitsa, maola awiri pa mutu uliwonse. Ina mwa mituyo ndi ya chitetezo ndi umoyo, malamulo, makontirakiti, kumanga kosamala chilengedwe ndi kusunga nyumba zakale. AIA imafuna maola 18 pa chaka, ndipo 12 mwa maolawo akhale a gulu lotchedwa HSW, lokhudza umoyo, chitetezo ndi ubwino wa anthu amene adzagwiritse ntchito nyumbayo. SACAP imawerengera pa zaka zisanu ndipo imafuna makirediti 25, koma pa makosi ndi masemina kirediti imodzi ndi maola khumi. Amene ali ndi satifiketi ya LEED AP, ya kumanga kosamala chilengedwe, amafunika maola 30 pa zaka ziwiri zilizonse, pomwe a LEED Green Associate amafunika maola 15. Akatswiri okonza maonekedwe a m'kati mwa nyumba amakumana kwambiri ndi bungwe la IDCEC.

Manambala amenewa akuonetsa msampha umene umakola anthu ambiri. Kosi ya ku America ikalembedwa kuti ili ndi kirediti imodzi, nthawi zambiri ndi ola limodzi lokha, pomwe kwa munthu wolembetsa ku SACAP liwu lomwelo likuimira ntchito ya maola khumi. Choncho pa chilichonse chimene mukuwerenga, muzibwerera ku maola enieni amene mudzakhale mukuphunzira.

Mukatero, lemberani imelo mlembi wa bungwe lanu ndipo mufunse momveka bwino kuti chaka cha CPD chimayamba liti ndi kutha liti, pamafunika maola kapena mapointi angati, ngati makosi ojambulidwa kale amawerengedwa mofanana ndi amene mumatsatira pa nthawi yomwe akuchitika, ngati kosi yovomerezedwa ndi bungwe la dziko lina imalandiridwa, komanso ngati muyenera kupempha chilolezo musanayambe. Funsaninso mtundu wa umboni umene amafuna. Yankho la pa foni kapena la mnzanu pa gulu la WhatsApp lisakukwanireni, chifukwa anthu m'maofesi amasintha ndipo malamulo amakonzedwa, koma imelo imakhalabe ndi tsiku ndi dzina la ofesi imene inayankha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mnzanga wa envelopu uja akanalemba imelo imodzi yokha asanayambe, bwenzi masatifiketi ake ambiri atalandiridwa.

Chachiwiri, onani pamene ntchito yanu ikuperewera

Ndandanda ya makosi a pa intaneti ndi yaitali kwambiri moti munthu woyambira pa ndandandayo amangotola aulere ndi aafupi. Ine ndimalangiza kuyambira pa mapulojekiti atatu amene mwamaliza posachedwa. Tulutsani mafayilo ake, ndipo kumbukirani pamene kontirakitala anakuimbirani foni chifukwa chojambula sichinkamveka, pamene a khonsolo anabweza pulani kuti mukonze, ndi pamene mwini nyumba anadandaula mvula yoyamba itagwa. M'malo amenewo ndi mmene muli mitu ya chaka chanu.

Mzinda wathu womwewu ukutipatsa mitu ina. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, sangaonenso nkhani ya ngalande, zipupa zotchinjiriza dothi ndi kumanga pa malo otsetsereka ngati ya mainjiniya okha. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, ndipo mapuloti amene makasitomala amatibweretsera kawirikawiri amakhala m'mbali mwa Ndirande, Soche, Michiru kapena Mpingwe, kumene pulani yokongola pa pepala ikhoza kutumiza madzi onse kwa woyandikana naye wa kumunsi. Malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda anatikakamiza kudziwa bwino mabuloko a simenti ndi a dothi lotsindira losakaniza ndi simenti pang'ono, ndipo zipangizo zimenezi zili ndi khalidwe lawolawo pa kung'aluka ndi pa chinyezi. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zimatikumbutsa kuti dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, ndipo ling'ibimu, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa zipupa, si chinthu chochotsa pofuna kuchepetsa mtengo. Nayenso amene angapatsidwe ntchito yokonza nyumba yakale ya msinkhu wa Mandala House ya 1882, kapena wa tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891, ayenera kudziwa chifukwa chake simenti yolimba ya masiku ano imawononga njerwa zofewa zakale.

Sankhani mitu itatu kapena inayi, muilembe, ndipo pa mutu uliwonse muike maola amene mukufuna. Siyaniko malo a nkhani za mu ofesi monga makontirakiti, kalipiritsidwe ka makasitomala ndi mapulogalamu ngati Revit kapena ArchiCAD.

Chachitatu, sakani kosi ndipo muifufuze

Makosi odalirika kwambiri pa nkhani ya maola ndi ochokera ku mabungwe a ntchito enieniwo. RIBA ili ndi RIBA Academy, AIA ili ndi AIAU, ndipo South African Institute of Architects ndi limodzi mwa mabungwe amene amavomereza makosi a mamembala a SACAP. Commonwealth Association of Architects nayo yakhala ikuchititsa maphunziro a pa intaneti, ndipo nkhani zake zimayandikira kwambiri mavuto a mizinda yokula mofulumira ngati yathu. Ambiri mwa makosi a mabungwe ndi olipira, ndipo amene si membala amalipira zochulukirapo.

Gulu lina ndi la makosi aulere olipiridwa ndi makampani opanga zipangizo zomangira, amene amapezeka pa AEC Daily, pa Continuing Education Center ya Architectural Record ndi pa RIBA CPD Providers Network. Ambiri ndi a ola limodzi, ndipo ndi ovomerezedwa ndi AIA, GBCI imene imayang'anira maola a LEED, IDCEC kapena RIBA. Ali ndi phindu, makamaka pofotokoza mmene chipangizo china chimagwirira ntchito, koma muzikumbukira amene walipira. Kampani yopanga magalasi sidzakuuzani kuti khonde lalitali likanathetsa vuto la kutentha pa mtengo wochepa, ndipo zipangizo zambiri zimene amaonetsa simungazipeze m'mashopu a hadiweya a ku Limbe. Chaka chodzaza ndi makosi a mtundu umenewu okhaokha chimakwaniritsa fomu, koma katswiri amatuluka ali chimodzimodzi.

Makosi a mayunivesite a pa edX ndi Coursera amalowa mozama ndipo amatenga milungu ingapo. Satifiketi yake nthawi zambiri ndi yolipira, ngakhale onse awiri ali ndi njira yopemphera thandizo kwa amene sangakwanitse. Makosi amenewa sakhala ndi chivomerezo cha mabungwe a ntchito nthawi zonse, choncho ndi amene muyenera kuwatchula mayina mu imelo yopita kwa mlembi ija. Palinso kosi yaulere ya IFC, nthambi ya World Bank Group, yotchedwa Designing for Greater Efficiency, yogwirizana ndi ndondomeko ya EDGE, imene imafuna kuti nyumba ipulumutse 20 peresenti ya magetsi, ya madzi, ndi ya zowonongeka popanga zipangizo zomangira. Ndimaikonda chifukwa inakonzedwera mayiko amene akutukuka kumene, ndipo pulogalamu yake yowerengera imakulolani kuyesa pulani yanu yeniyeni. Kwa ofuna luso la mapulogalamu, Autodesk University ili ndi maphunziro ambiri ojambulidwa amene mungaonere mwaulere.

Kwa ine chaka chabwino chimakhala ndi kosi imodzi yaitali pa mutu umene ukundivutadi, ndi makosi aafupi angapo odzaza mipata yotsala.

Mukapeza kosi, musathamangire batani lolembetsa. Werengani tsamba lake lonse ndipo mupeze dzina la bungwe limene linaivomereza, nambala ya kosiyo, maola ake, zolinga zake ndi tsiku limene chivomerezocho chidzathe, pakuti kosi imatha kukhalabe pa intaneti chivomerezo chake chitatha kale. Chizindikiro cha bungwe choikidwa pa tsamba si umboni wokwanira, chifukwa aliyense akhoza kuchikopera. Pitani pa tsamba la bungwelo mukaone ngati wophunzitsayo alimo m'ndandanda wawo. Onaninso ngati satifiketi imaperekedwa kwa amene si mamembala. Malo amene amalonjeza satifiketi ya maola ambiri popanda mayeso kapena njira yotsimikizira kuti munaphunzira, apeweni ndithu.

Chachinayi, konzani za ndalama ndi dzina

Makosi olipira amafuna madola, mapaundi kapena marandi, ndipo Airtel Money ndi TNM Mpamba sizilandiridwa pa masamba ambiri akunja. Mufunika khadi la Visa kapena Mastercard lotsegulidwa kuti ligule pa intaneti, ndipo popeza ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno, mabanki amaika malire a ndalama zimene khadi lingagwiritse ntchito kunja. Pitani ku banki kwanu mukafunse malirewo kusanafike tsiku lomaliza kulembetsa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinaona mmene mtengo wa chinthu chakunja ungasinthire tsiku limodzi, choncho kosi yaikulu ya chaka ndi bwino kuilipira msanga ndalama zikapezeka. Ngati muli pa ntchito yolembedwa, kambiranani ndi abwana anu, muwaonetse mmene kosiyo ikukhudzira pulojekiti imene ofesi ili nayo, ndipo sungani lisiti lililonse.

Polembetsa, lembani dzina lanu ndendende mmene lilili m'kaundula wa bungwe lanu, ndi dzina lapakati lomwe ngati lilipo, chifukwa makina amatenga dzina limenelo n'kuliika pa satifiketi, ndipo kulisintha pambuyo pake kumatenga maimelo ambiri. Ngati pali bokosi la nambala ya umembala, lidzazeni. Kwa mamembala a AIA, nambala imeneyo ndi imene wophunzitsa amagwiritsa ntchito potumiza maola ku bungwelo.

Chachisanu, konzekerani nthawi, magetsi ndi bandulo

Nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku Johannesburg chaka chonse, ndipo Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi. London ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi yotsalayo. New York ili kumbuyo ndi maola 6 kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi maola 7 nthawi ina yonse, moti webinar, ndiye kuti semina ya pa intaneti, ya 1 koloko masana kumeneko imatipeza 7 kapena 8 koloko madzulo. Ife sitisintha mawotchi, iwo amasintha, ndipo m'milungu yosinthirayo ndi mmene anthu amalowa mochedwa ndi ola lathunthu. Ikani tsikulo pa kalendala ya foni kuchokera pa imelo ya okonzawo kuti foni iwerengere yokha.

Ndinaphunzira nkhani ya magetsi movutikira. Ndinali pakati pa webinar ya maola awiri yokhudza chitetezo cha moto m'nyumba zosanja, kope lili pambali, magetsi n'kuzima, rauta n'kuzima nawo. Pamene ndinkafufuza foni mumdima, kugula bandulo ndi kulumikiza laputopu, mphindi zoposa makumi awiri zinali zitapita. Ndinatsatira mpaka kumapeto, koma makina a okonzawo anali atalemba nthawi imene ndinatuluka ndi imene ndinabwerera, ndipo satifiketi sinabwere. Sindinawaimbe mlandu, chifukwa iwonso amafunsidwa umboni ndi bungwe limene linawavomereza. Kuyambira tsiku limenelo, pa webinar iliyonse yofunika laputopu imakhala yodzaza moto, foni imakhala ndi bandulo kale ndi yolumikizidwa ngati njira yachiwiri, ndipo rauta ndinaiika pa kabatire kakang'ono.

Kumene magetsi kapena netiweki sizodalirika, makosi ojambulidwa kale ndi abwino koposa, ngati bungwe lanu limawalandira, chifukwa mumaima n'kudzapitiriza. Ola limodzi la kanema wooneka bwino kwambiri likhoza kudya pafupifupi gigabayiti imodzi, koma mukatsitsa kaonekedwe kake ndi kuzimitsa kamera yanu bandulo imakhalitsa. Makosi ena amabwera ngati PDF yowerenga ndi mayeso kumapeto, ndipo amenewa mungawatsitse ku ofesi masana n'kukawerenga kunyumba. Ngati mukuonera limodzi ndi anzanu mu ofesi pa sikirini imodzi, aliyense alembetse payekha kapena mufunse okonzawo za fomu ya gulu, apo ayi satifiketi idzatuluka ya munthu mmodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, phunzirani muli ndi pulani ya kuno pambali

Gawo ili ndi limene ndimaliona lofunika kuposa onse, ngakhale palibe bungwe limene lingaliyeze. Makosi ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi, polembera anzawo a komweko. Wophunzitsa wa ku Britain kapena ku America akanena kuti mawindo aakulu ayang'ane kumwera kuti alandire dzuwa nyengo yozizira, kwa ife ndi kumpoto. Blantyre ili pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa equator, ndipo masana dzuwa limakhala chakumpoto kuyambira kumayambiriro kwa Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Novembala, kenako limapendekera kumwera kwa miyezi itatu ya dzinja. Ndiye kuti chipupa cha kumpoto ndi cha kumwera chomwe chimafuna mthunzi wa denga, chinthu chimene kosi ya ku London siingatchule. Iwo amalimbana ndi chipale chofewa ndi kusunga kutentha m'nyumba za matabwa, pomwe ife timalimbana ndi dzuwa la Okutobala pa malata, mvula yamphamvu yogwa nthawi yochepa, chiswe, ndi chinyezi cha chiperoni mu Juni ndi Julayi.

Miyezo nayo imafuna maso. Makosi a ku America amagwiritsa ntchito mainchi ndi mafiti, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, pomwe fiti imodzi ndi mamilimita 304.8. Malamulo amene amatchula, monga IBC, ADA ndi NFPA, ndi a kwawo, ndipo pulani yanu idzaweruzidwa ndi malamulo a khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi miyezo ya Malawi Bureau of Standards. Izi sizikutanthauza kuti zonse ndi zotaya. Mfundo yakuti njira ya njinga ya olumala isatsetsereke kuposa 1 pa 12 ndi yothandiza ku Chicago ndi ku Chirimba komwe, ndipo khalidwe la utsi m'masitepe ndi limodzi kulikonse. Ntchito yanu ndi kupeta, kusiyanitsa chimene chili cha sayansi ndi chimene chili cha lamulo kapena nyengo ya kwa eni ake.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi yosavuta. Tsamba la kope ndimaligawa pakati, kumanzere ndimalemba zimene wophunzitsa wanena, kumanja ndimalemba mmene zingakhalire kuno, ndi chipangizo chimene chimapezeka kuno, ndi amisiri amene tili nawo. Pasanathe mlungu ndimatsegula pulani imodzi imene ili pa tebulo n'kuyesa mfundo imodzi. Nditamaliza kosi ya kayendetsedwe ka madzi a mvula ndinabwerera pa pulani ya nyumba ina ya pamtunda ku Nyambadwe, ndipo ndinapeza kuti mipope yotsitsa madzi inali yochepa poyerekeza ndi kukula kwa denga. Nditapita ku sayiti ndi chojambula chokonzedwa, a kapitawo, bambo wachikulire amene wamanga nyumba zambiri, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa kuti, "Nanga bwana, madziwa akatsika apa alowera kuti?" Funso limenelo kosi sinalifunse, ndipo tinatha ola tikuyenda m'malire a puloti mpaka tinapeza njira ya ngalande.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani mayeso ndi kutenga satifiketi tsiku lomwelo

Makosi ojambulidwa kale amatha ndi mayeso aafupi, kawirikawiri mafunso khumi pa kosi ya ola limodzi, ndipo ambiri amafuna kuti mukhoze 70 peresenti kapena kupitirira apo. Lembani mukangomaliza, zinthu zikadali m'mutu, ndipo mulembe nokha. Kupatsa wophunzira ntchito wa mu ofesi kuti akulembereni ndi kunamiza bungwe limene linakukhulupirirani ndi miyoyo ya anthu. Satifiketi ikatuluka itsitseni pomwepo, osadikira mawa, chifukwa masamba amatsekedwa ndipo mapasiwedi amaiwalika. Iwerengeni musanatseke kompyuta, muone dzina lanu, mutu wa kosi, dzina la wophunzitsa, tsiku, maola ndi nambala ya chivomerezo. Ngati chimodzi chikusowa, lemberani okonzawo mlungu womwewo.

Chomaliza, sungani kaundula wanu ndi kupereka pa nthawi yake

Tsegulani foda ya chaka chilichonse, ndipo satifiketi iliyonse muipatse dzina loyamba ndi tsiku, lotsatiridwa ndi mutu ndi maola, kuti mafayilo azindandalikana okha. Mu foda yomweyo ikanimo lisiti, tsamba lofotokoza kosiyo, imelo ya mlembi wa bungwe ija, ndi chithunzi cha tsamba la kope lanu. Pambali pake khalani ndi tebulo limodzi la Excel lokhala ndi tsiku, mutu, wophunzitsa, maola, gulu limene maolawo akugwera, ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena chimene munaphunzira ndi pulojekiti imene munachigwiritsa ntchito. Ziganizo zimenezi zimalembeka mosavuta tsiku lomwelo, koma pakapita miyezi khumi munthu amangolemba zongopeka. Mabungwe monga RIBA amafuna kuona kulingalira kotere, ndipo amasankha mamembala ena kuti awunike kaundula wawo, choncho umboni uyenera kukhala wokonzeka nthawi iliyonse.

Ngati muli m'mabungwe awiri, kosi imodzi ikhoza kuwerengedwa mbali zonse, koma muyenera kuilowetsa ku bungwe lililonse payokha, m'gulu loyenera kumeneko. Amene wophunzitsa amawatumizira maola alowe mu akaunti yawo pakapita milungu iwiri kapena itatu kuti aone ngati afikadi. Miyezi itatu iliyonse werengani maola amene mwasonkhanitsa poyerekeza ndi mitu imene munalemba poyamba, kuti mukafika mu Seputembala mudziwe chimene chatsala nyengo ya tchuthi ndi mvula zisanayambe kusokoneza. Perekani kaundula wanu kutatsala mwezi wathunthu, kuti ngati satifiketi ina yakanidwa mukhale ndi mpata woikapo ina.

Fodayo isungeni malo awiri, pa kompyuta ndi pa Google Drive kapena malo ena a pa intaneti, kwa zaka zosachepera zisanu. Polembetsa makosi onsewa gwiritsani ntchito imelo yanu ya inu mwini, chifukwa tsiku limene mudzasinthe ntchito imelo ya kampani idzatsekedwa, ndipo maakaunti onse a makosi amene munatsegula nayo akhoza kudzakuvutani kulowamo.